Nicole Oresme ndi Chithunzi cha Liwiro

Mphunzitsi aliyense wa sayansi ku sekondale amafika pa tsiku limene ayenera kulemba pabolodi mizere iwiri, wina wogona, wina woimirira, ndi kuwauza ana kuti chimene chijambulidwe pakati pa mizereyo ndi ulendo wa chinthu choyenda. Ambiri a ife timapereka phunziro limeneli mothamanga, poganiza kuti galafu ndi chinthu chapafupi chimene mwana angachimvetse pongochiyang'ana. Tikayamba kuchonga mayeso mpamene timazindikira kuti ana athu adaona mizere, koma ulendo sadauone.

Vuto la anawa si lachilendo. Kuchokera pa imfa ya Aristotle, m'chaka cha 322 Khristu asanabadwe, padapita zaka zoposa 1,600 anthu ophunzira akukangana za kayendedwe ka zinthu ndi mawu okhaokha. Munthu amene adalongosola bwino njira yojambulira liwiro, naonetsanso phindu lake, adali wansembe wa ku France, dzina lake Nicole Oresme. Tiyeni tione moyo wake, pakuti mphunzitsi amene wamvetsa chimene Oresme ankanena ndi chithunzi chake sadzalola ana kuwerenga galafu ngati mapu a msewu.

Mwana wa ku Normandy

Oresme adabadwa cha m'ma 1320, pafupi ndi mzinda wa Caen, m'chigawo cha Normandy, kumpoto kwa France. Adakulira m'masiku a mavuto. Nkhondo yaitali ya pakati pa England ndi France idayamba m'chaka cha 1337, ndipo mu 1346 ankhondo a Mfumu Edward III adalanda mzinda wa Caen, nafunkha chuma chake. Patangopita zaka ziwiri, mliri woopsa wa Black Death, umene udapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya kapena kuposerapo, udalowa mumzinda wa Paris.

M'chaka chomwecho cha 1348 dzina la Oresme likupezeka pa mndandanda wa ophunzira zaumulungu pa Collège de Navarre, imodzi mwa makoleji a sukulu ya ukachenjede ya Paris. Kolejiyi idakhazikitsidwa mu 1305 ndi chuma cha Mfumukazi Jeanne wa ku Navarre, ndipo inkathandiza ophunzira amene sakadatha kudzilipirira okha. Nchifukwa chake olemba mbiri ambiri amakhulupirira kuti Oresme adachokera m'banja la anthu wamba.

Ku Paris masiku amenewo kudali aphunzitsi omveka monga Jean Buridan, amene ankafufuza chifukwa chimene mwala umapitirira kuuluka utachoka kale m'dzanja la wouponya. Mafunso otere ndiwo adali nkhani ya tsiku ndi tsiku pakati pa ophunzira, ndipo Oresme adawakonda kwambiri. Mu 1356 adamaliza maphunziro ake apamwamba a zaumulungu, nasankhidwa kukhala mkulu wa koleji yomwe idamlerayo. Chaka chimenechi nchomwenso mfumu ya France, Jean II, idagwidwa ndi Angerezi pa nkhondo ya ku Poitiers.

Funso lochokera ku Oxford

Kuti timvetse ntchito ya Oresme, tiyenera kuyamba ndi funso limene lidamtsogolera. Chinthu chikamayenda ndi liwiro losasintha, kupeza mtunda sikuvuta: timachulukitsa liwiro ndi nthawi. Sitima ya pamadzi yoyenda makilomita 15 pa ola, m'maola awiri yayenda makilomita 30. Nanga sitima ya Ilala ikamanyamuka padoko la Monkey Bay? Imayamba ili chiimire, kenaka liwiro lake limakula pang'onopang'ono. Kodi tsono tichulukitse nthawi ndi liwiro liti, poti liwirolo likusintha kamphindi kalikonse?

Funso limeneli adalimbana nalo ndi akatswiri a ku Merton College, ku Oxford, monga Thomas Bradwardine, William Heytesbury, Richard Swineshead ndi John Dumbleton. Iwo adasiyanitsa mayendedwe atatu: liwiro losasintha, liwiro losintha mofanana nthawi zonse, ndi liwiro losintha mosafanana. M'buku lake la mu 1335, Heytesbury adalemba lamulo lonena za mayendedwe achiwiriwa. Lamuloli likuti chinthu chimene liwiro lake likukula mofanana chimayenda mtunda womwewo umene chikadayenda chikadasunga, ulendo wonse, liwiro limene chidali nalo pakati penipeni pa nthawiyo.

Lamulolo lidali loona, koma lidali lobisika m'ziganizo zazitali za Chilatini. Zizindikiro za masamu zimene timalemba lero kudalibe, ndipo mawotchi owerenga masekondi adali asanapangidwe. Wophunzira ankatha kuliloweza lamulolo osaliona ndi maso.

Mzere wogona ndi mizere yoimirira

M'zaka za m'ma 1350 Oresme adalemba buku lotchedwa Tractatus de configurationibus qualitatum et motuum, lofotokoza maonekedwe a zinthu zimene zimakula ndi kuchepa, monga kutentha, kuwala ndi liwiro. Adalipo enanso m'zaka zomwezo, monga Giovanni di Casali wa ku Italy, amene ankajambula zofanana ndi zimenezi, koma Oresme ndiye adaiyala njirayi mwatsatanetsatane.

Maganizo ake adali otere. Tilembe mzere wogona, uimire nthawi ya ulendo. Pa kamphindi kalikonse ka nthawiyo tiimike mzere woongoka, umene kutalika kwake kukuimira liwiro la pa kamphindi komweko. Liwiro likakhala lalikulu mzere utalike, likachepa ufupike. Tikaimika mizere yonseyi mothithikana, ngati mapesi a mpanda, imapanga chithunzi, ndipo mutu wa mpandawo ndiwo mzere umene lero timautcha galafu. Liwiro losasintha limapereka mapesi ofanana msinkhu, motero chithunzi chake ndi cha ngodya zinayi, chonga chitseko chogoneka. Liwiro loyambira pa kuima ndi kukula mofanana limapereka chithunzi cha ngodya zitatu. Liwiro losintha mosafanana limapereka chithunzi cha mutu wokhota.

Kenaka Oresme adanena chinthu chimene mpaka lero ndicho mtima wa phunziroli: kukula kwa malo otsekeredwa mkati mwa chithunzicho kukuimira mtunda umene chinthu chayenda. Timayeza malowo monga momwe timayezera munda, m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi. Koma pano m'litali ndi nthawi, m'lifupi ndi liwiro, ndipo nthawi kuchulukitsa ndi liwiro ndiwo mtunda.

Tiyese ndi chitsanzo chapafupi. Mnyamata wa kabaza pamsika wa Mangochi wakweza munthu, wanyamuka. Tinene kuti liwiro lake likukula mofanana kuchokera pa 0 kufika pa mamita 4 pa sekondi m'masekondi 8. Chithunzi chake ndi cha ngodya zitatu, tsinde lake 8, msinkhu wake 4, choncho kukula kwake ndi theka la 32, ndiko kuti mamita 16. Pakati pa nthawiyo, pa sekondi yachinayi, liwiro lake lidali mamita 2 pa sekondi. Mnzake amene akadayenda ndi liwiro limeneli masekondi onse 8 akadayendanso mamita 16. Oresme adaonetsa chifukwa chake popanda kuwerenga nkomwe. Tikajambula zithunzi ziwirizi pa tsinde limodzi, kansonga ka chithunzi cha ngodya zitatu kamene katulukira pamwamba kudzanja lamanja nkofanana ndendende ndi kampata kamene katsala kudzanja lamanzere. Tikadula kansongako ndi lumo ndi kukatembenuza, kamatseka kampatako. Lamulo la ku Merton, limene anthu ankaliloweza movutikira, lidasanduka chinthu chimene mwana angachigwire ndi manja.

Sadalekere pomwepo. M'mafunso ake a pa buku la Euclid adaonetsa kuti tikagawa nthawi ya ulendo wotere m'zigawo zofanana, mitunda yake imatsatana ngati 1, 3, 5, 7. Wakabaza wathu uja m'masekondi awiri oyamba wayenda mita 1, m'masekondi awiri otsatira mamita 3, kenaka 5, pomaliza 7, ndipo zonse pamodzi ndi 16. Amene angagawe chithunzi chija m'tizithunzi ting'onoting'ono ta ngodya zitatu tofanana adzawerenga kamodzi m'chigawo choyamba, titatu m'chachiwiri, tisanu m'chachitatu, ndi tisanu ndi tiwiri m'chachinayi.

Mlangizi wa mfumu ndi womasulira mabuku

Oresme sadali munthu wa masamu okha. Poona kuti mafumu a France ankachepetsa siliva wa m'ndalama pofuna kulipira nkhondo, adalemba buku lonena za ndalama, m'mene adaphunzitsa kuti ndalama ndi ya anthu onse a m'dziko, ndipo mfumu ilibe ufulu woisintha pofuna phindu lake. Adalembanso mabuku otsutsa okhulupirira nyenyezi amene ankalosera zam'tsogolo kunyumba za mafumu. Mu 1362 adapatsidwa udindo pa tchalitchi chachikulu cha ku Rouen, ndipo mu 1364 adakhala mkulu wa ansembe a pamenepo. Chaka chimenechi nchomwe Charles V, amene ankamkhulupirira kwambiri, adalowa ufumu.

Mfumuyi idampempha kuti amasulire mabuku a Aristotle kuchoka m'Chilatini kupita m'Chifalansa, kuti nduna ndi alangizi osadziwa Chilatini awerenge okha. Ntchitoyi idamtengera zaka za pakati pa 1370 ndi 1377. Chifalansa cha masiku amenewo chidalibe mawu ambiri a zamaphunziro, ndipo ena ankachiyesa chilankhulo cha pamsika chabe. Oresme adawakumbutsa kuti ngakhale Chilatini chimene ankachilemekezacho kale chidali chilankhulo cha kunyumba kwa Aroma, pamene nzeru zakuya zinkalembedwa m'Chigiriki. Pamene mawu adasowa, iye adabwereka kapena kupanga atsopano, ndipo m'mabuku ena adaikamo mndandanda wa mawu achilendo pamodzi ndi matanthauzo ake.

M'buku lomaliza mwa mabuku amenewa, Le Livre du ciel et du monde, la mu 1377, adafunsa ngati nzoona kuti thambo ndilo limazungulira, dziko lili chiimire. Adapereka chitsanzo chimene mwana wa m'mphepete mwa nyanja angachimve msanga. Munthu amene ali m'ngalawa yoyenda mosagwedezeka, naona ngalawa ina yokha basi, sangadziwe kuti ikuyenda ndi iti, yake kapena inayo. Ziwirizo zikamayenda limodzi ndi liwiro lofanana, aziona ngati zonse zaima. Chimodzimodzinso maso okha sangatiuze ngati likuyenda ndi thambo kapena dziko. Adalemba zimenezi zaka 166 buku la Copernicus la mu 1543 lisanatuluke, ngakhale kuti pomaliza iye mwini adatsatira chikhulupiriro cha masiku ake chakuti dziko siliyenda. M'chaka chomwecho cha 1377 adasankhidwa kukhala episkopi wa ku Lisieux, ndipo adamwalira komweko pa 11 July 1382.

Amene adapitiriza

Mutu umodzi susenza denga. Oresme adaganiza za mayendedwe m'mutu ndi papepala, koma sadayeze chinthu chilichonse choyenda, ndiponso sadanene kuti mwala wogwa kuchokera pamwamba umatsata lamulo lija. Kabuku kachidule ka chiphunzitso chake kadasindikizidwa kangapo pakati pa 1482 ndi 1515. Cha m'ma 1550 Domingo de Soto wa ku Spain adalemba kuti zinthu zakugwa zimayenda ndi liwiro lokula mofanana. Galileo Galilei ndiye adagubuduza timipira pa thabwa lopendekeka, nayeza nthawi ndi madzi otuluka m'chotengera, ndipo m'buku lake la mu 1638 muli chithunzi chofanana kwambiri ndi cha Oresme pamodzi ndi manambala aja a 1, 3, 5, 7. Njira yolumikiza mizere ndi zizindikiro za masamu idakula ndi René Descartes kuyambira mu 1637. Manambala a pansi pa 0, amene amatithandiza kuonetsa chinthu chobwerera m'mbuyo, adalowa m'magalafu pambuyo pake. M'zithunzi za Oresme mudalibe.

Zimene tingatengere m'kalasi

Choyamba, galafu si chithunzi cha njira. Tiwauze ana a Fomu 3 kuti ajambule galafu ya liwiro ndi nthawi ya munthu wopalasa njinga kuchokera ku Mangochi kukwera mapiri a ku Namwera. Ambiri adzajambula mzere wokwera, chifukwa msewu ukukwera. Koma aliyense amene adapalasako njinga pachikweza chimenechi akudziwa kuti liwiro limachepa pamene msewu ukukwera, mpaka munthu amatsika ndi kuikankha. Mzere woona ndi wotsika. Mankhwala a cholakwa chimenechi ndi mapesi aja a Oresme. Mwana asanalumikize mzere uliwonse, aimike kaye mizere yoongoka pa nthawi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo pa uliwonse anene ndi pakamwa kuti pa nthawi iyi njinga ikuthamanga motani.

Chachiwiri, galafu ya malo ndi galafu ya liwiro zimasimba ulendo umodzi m'njira ziwiri, ndipo mzere wofanana umanena zosiyana. Titenge msodzi wa ku Makawa amene wapalasa bwato lake makilomita 3 kuchoka pagombe m'ola limodzi. Waima maola awiri akuwedza, kenaka wabwerera mwera ukumuwomba kumaso, natenga ola ndi theka. Pa galafu ya malo ndi nthawi, mzere ukukwera kufika pa 3, ukugona kwa maola awiri, kenaka ukutsika pang'onopang'ono kufika pa 0. Apa kutalika kwa mzere kukutiuza kumene bwato lili, pamene kupendekeka kwake ndiko kukutiuza liwiro. Pa galafu ya liwiro ndi nthawi, ulendo womwewo ndi mizere itatu yogona: woyamba pa 3, wachiwiri pa 0, wachitatu pa 2 kunsi kwa mzere wa nthawi, poti bwato latembenuka. Mzere wogona pa galafu yoyamba ukuti msodzi waima. Mzere wogona pa 3 pa galafu yachiwiri ukuti akupalasa mosasintha. Mwana amene sayamba wawerenga mawu olembedwa pambali pa mzere woimirira adzaimitsa bwato limene likuyenda.

Tiwaonetsenso kuti malo a pamwamba pa mzere wa nthawi ndi 3 kuchulukitsa ndi 1, ndipo a kunsi ndi 2 kuchulukitsa ndi 1.5; onse ndi 3. Msodzi wapalasa makilomita 6, komabe wabwerera pamene adayambira. Apa mpamene ana amamvetsa chifukwa chimene mabuku a Chingerezi amasiyanitsira speed ndi velocity: mawu oyamba akunena liwiro lokha, achiwiri akunena liwiro pamodzi ndi kumene chinthu chikulowera. Ndipo tikumbuke ngalawa ziwiri zija: galafu ya malo ilibe tanthauzo tisanagwirizane pamene tikuyezera. Tikayezera pagombe, 0 ndi gombe. Tikayezera pamalo owedzera, mzere wonse umasamuka, ngakhale kuti ulendo sudasinthe.

Chachitatu ndi cha chilankhulo. Mwana wa ku Malindi kapena ku Makanjira nthawi zambiri amalankhula Chiyao kunyumba, Chicheŵa pabwalo la sukulu, ndipo mayeso a MSCE amalemba m'Chingerezi. Tikamponyera mawu achilendo ndi galafu nthawi imodzi, timamsenzetsa akatundu awiri. Oresme sadachite manyazi kufotokoza nzeru zakuya m'chilankhulo cha anthu ake. Nafenso tilole mwana asimbe kaye ulendo wa pagalafu m'chilankhulo chimene amaganizira, kuti apa wanyamuka, apa waima, apa wabwerera, ndipo akausimba molondola timpatse mawu a Chingerezi amene adzawafune pamayeso. Kumapeto kwa makope awo asunge mndandanda wa mawu atsopano ndi matanthauzo ake, monga adachitira iye.

Chotsiriza, tichite chimene Oresme sadathe kuchita, ndiko kuyeza. Sukulu yopanda labotale ili ndi bwalo la mpira. Tiyeze mamita 40 ndi chingwe, tilembe ndi phulusa pa mamita 5 alionse, ndipo pa chizindikiro chilichonse paime mwana. Wina akhale ndi wotchi, aziwerenga masekondi mokweza, ndipo aliyense alembe sekondi imene woyenda wamdutsa. Woyenda woyamba ayende mosasintha, wachiwiri ayambe pang'onopang'ono nafulumira, wachitatu aime pakati kenaka abwerere. Asanabwerere m'kalasi, ana ajambule pamchenga galafu imene akuiyembekeza, ndipo pambuyo pake aifanizire ndi imene manambala apereka. Pamene ziwirizo zasiyana, tisafulumire kupereka yankho. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tiwafunse mafunso atatu amene ayenera kukhala chizolowezi chawo pa galafu iliyonse: kodi kutalika kwa mzerewu kukuimira chiyani, kupendekeka kwake kukuimira chiyani, nanga malo a pansi pake akuimira chiyani? Mwana amene angayankhe mafunso amenewa ndi pakamwa pake, akuloza ndi chala, ndiye kuti phunziro lamlowa, ndipo masamu otsalawo sadzamvuta.